Khansa ya chiwindi: mankhwala atsopano afika pati, nanga amathandiza ndani?

Mu June, chisanu cha kuno ku Dedza chitafika poluma, tinagona pasiwa ya mlamu wanga cha ku Linthipe. Anali bambo wa zaka za m'ma 40, mlimi wa mtedza ndi soya, mowa sankaulawa n'komwe. Anayamba ndi kudandaula kuti nsima sikulowa, kenako kubaya pansi pa nthiti za kumanja, kenako mimba kutupa uku manja ndi nkhope zikufota. Kuchokera tsiku limene anamujambula n'kupeza chotupa m'chiwindi kufika tsiku lomuika m'manda, miyezi itatu sinakwane.

Pamoto usiku umenewo atsibweni ake anati, "Ili ndi tsempho ili. Mimba yotupa chonchi tinkaiona kale ife." Mnyamata wina amene anabwera kuchokera ku Joni anawayankha mwaulemu ndithu: "Ayi atsibweni, imeneyi ndi khansa, ndipo masiku ano ili ndi mankhwala. Akanapita ku India bwenzi pano tili nawo." Ana a malemu anali pomwepo, akumva. Mawu a mnyamatayo ndi amene anandikhala pamtima, chifukwa muli choona pang'ono, koma amasiya banja likudziimba mlandu wa ndalama zimene linalibe, pa ulendo umene mwina sukanasintha kanthu. Mankhwala atsopano alipodi. Chofunika kumvetsa ndi chimene amachita, ndi munthu amene angathe kumuthandiza.

Chiwindi tonse timachidziwa, pachiwaya cha kanyenya ndi chimene chimayamba kutha. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi onse ochokera m'matumbo amadutsa kaye mmenemo kuti asefedwe, ndipo ndi chomwecho chimene chimapanga ndulu, kusunga shuga, ndi kupanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akadzicheka. Ndi chiwalo chopirira modabwitsa. Dokotala atha kudula gawo lalikulu la chiwindi chabwinobwino, chotsalacho n'kukulanso. Kupirira komweko ndiye vuto lake: chiwindi chimawonongeka kwa zaka 20 kapena 30 osadandaula, ndipo pamene ululu, maso achikasu ndi madzi m'mimba zikuonekera, matenda amakhala atapita kutali.

Khansa yopezeka m'chiwindi ili pawiri. Ina imakhala yoti yachokera kwina, monga m'matumbo kapena m'bere, n'kudzamera mmenemo, ndipo imathandizidwa motsatira kumene yachokera. Imene tikukamba pano ndi yoyambira m'maselo a chiwindi chenichenicho, imene madokotala amaitchula mwachidule kuti HCC. Mu 2022 anthu oposa 860,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa yoyambira m'chiwindi, ndipo oposa 750,000 anamwalira nayo. Manambala awiriwa kuyandikana kwake kukunena zambiri. Kafukufuku wa m'zipatala za mayiko angapo a mu Africa amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti kunja kwa Egypt, theka la odwala linkamwalira pasanathe miyezi iwiri ndi theka chiwapezereni, ndipo ambiri anali a zaka za m'ma 40. Nkhani ya mlamu wanga ndi yomweyo, palibe chachilendo.

Kwathu kuno gwero lalikulu ndi kachilombo ka hepatitis B. Ambiri amakatenga ali makanda, kwa mayi pobadwa kapena kwa ana anzawo kudzera m'zilonda ndi magazi, komanso pogwiritsa ntchito lezala limodzi potema mphini. Munthu akakatenga ali wamkulu, kawirikawiri thupi limakachotsa lokha. Koma khanda likakatenga, 9 mwa 10 alionse amakhala nako moyo wonse, osadziwa. Kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira zosiyanasiyana za m'Malawi mu 2018 anayerekeza kuti akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 ali nako. Pamwamba pa kachilomboka pamabwera chuku, nkhungu ija yomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ofufuza ku Kenya, Swaziland ndi kwa anansi athu a ku Mozambique anaonetsa kuti kumene chakudya chili ndi chuku chambiri, khansa ya chiwindi imachulukanso. Ziwirizi zikakumana m'thupi limodzi ngozi yake imachulukitsana kangapo. Kachasu ndi mowa wina woledzeretsa kwambiri, hepatitis C, ndi mafuta ochuluka m'chiwindi mwa anthu onenepa ndi a shuga zimamaliza mndandanda.

Apa ndi pamene pagona chinthu chimene mnyamata wa ku Joni uja sanachidziwe. Wodwala khansa imeneyi nthawi zambiri amakhala ndi matenda awiri: chotupacho, ndi chiwindi chimene chinauma kale n'kudzaza zipsera. Choncho dokotala asanatchule mankhwala alionse amafunsa mafunso atatu. Chotupa ndi chachikulu bwanji, ndipo chalowa m'mitsempha kapena chafalikira? Chiwindi chotsalacho chikugwirabe ntchito? Wodwalayo akutha kuyenda ndi kudzisamalira, kapena wagona? Madokotala a ku Barcelona anakonza ndondomeko yoyankhira mafunsowa mu 1999, ndipo ndi imene zipatala zambiri padziko zimatsata mpaka lero. Mayankho ake ndi amene amatsegula kapena kutseka zitseko zonse zimene zikubwerazi.

Njira zochiziratu zilipo zitatu, ndipo kawirikawiri ndi za chotupa chaching'ono. Yoyamba ndi opaleshoni yodula mbali imene ili ndi chotupa. Yachiwiri ndi kuika chiwindi china, kumene kumachotsa khansa ndi chiwindi chowonongekacho nthawi imodzi. Kuyambira 1996 malire odziwika bwino, amene anachokera ku Milan, ndi chotupa chimodzi chosaposa masentimita 5, kapena zotupa zosaposa zitatu, chilichonse chosapitirira masentimita 3. M'Malawi opaleshoni imeneyi sichitika. Ku South Africa imachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ku India nakonso, ndipo wopatsidwa chiwindi amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse. Yachitatu ndi imene ine ndimaona kuti ikanatiyenera kwambiri: kuwotcha chotupa ndi singano. Dokotala amayang'ana pa makina a sikani, onga omwe aja ojambulira amayi oyembekezera, n'kulowetsa singano yaitali kudzera pakhungu mpaka pakati pa chotupa, nsonga yake n'kutentha mpaka chotupacho kupsa. Pa chotupa chosaposa masentimita 3, chachikulu ngati nthuza kapena dzira la nkhunda, zotsatira zake zimayandikira za opaleshoni, ndipo wodwala sagona m'chipatala masiku ambiri. Mu 2023 dziko la America linavomereza njira ina yatsopano yotchedwa histotripsy, yochokera ku yunivesite ya Michigan, imene imaphwanya chotupa ndi mafunde a phokoso popanda kucheka kapena kubaya. Ndi yatsopano kwambiri, makina ake ali m'zipatala zowerengeka.

Chotupa chikakula kapena zikachuluka koma zisanatuluke m'chiwindi, madokotala amachilowera kudzera m'mitsempha. Chiwindi chimalandira magazi kuchokera m'njira ziwiri, ambiri kuchokera kumatumbo, ochepa kuchokera kumtima, koma chotupa chimadya kwambiri kuchokera ku njira yachiwiriyi. Ndiye amalowetsa kapaipi kowonda pa mtsempha wa m'mphechepeche, kukafika nako pa nthambi imene ikudyetsa chotupa, kuthiramo mankhwala, kenako kutseka. Zili ngati kutseka ngalande yopita kudimba limodzi, madimba ena madzi akuyendabe. Njirayi imatchedwa TACE. Inzake imatumiza timikanda ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu yowotcha ya yttrium-90. Kawirikawiri izi sizichiziratu, zimagula nthawi, ndipo nthawi zina zimachepetsa chotupa mpaka kufika poti n'kudulidwa.

Kusintha kwakukulu kwa zaka zaposachedwa kwachitika kwa odwala amene khansa yalowa m'mitsempha ikuluikulu kapena yafalikira. Chisanafike chaka cha 2007 anthu amenewa analibe mankhwala otsimikizika. Diripi ya khansa imene timaidziwa, yothothola tsitsi ija, pa khansa iyi sinkaphula kanthu. Mu 2007 kunabwera mapiritsi a sorafenib, amene amatsekereza mauthenga ouza khansa kukula ndi kumeretsa mitsempha yake. Pa kafukufuku wa anthu 602, theka la omwa mankhwalawa linadutsa miyezi 10.7, pamene theka la osamwa linadutsa miyezi 7.9. Kusiyana kwake sikukwana miyezi itatu, komabe dziko la madokotala linasangalala, chifukwa kunali koyamba. Mapiritsiwa amasupula zikhatho ndi mapazi, amatsegula m'mimba ndi kukweza BP. Mtengo wake unali woti mu 2012 boma la India linalola kampani ya Natco kupanga ofanana nawo popanda chilolezo cha eni ake a Bayer, mtengo n'kutsika ndi pafupifupi 97 peresenti. Kwa zaka khumi palibe china chinapambana sorafenib. Kenako kunabwera regorafenib mu 2017, lenvatinib mu 2018, cabozantinib mu 2019, onse a banja lomwelo.

Zimene anthu akuzitcha zatsopano masiku ano ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Ife a m'badwo wa Edzi tinazolowera kale mawu oti asilikali a m'thupi, ndiye nkhaniyi sivuta kuimva. Asilikali amenewa ali ndi mabuleki owaletsa kuukira thupi lawo lomwe. Khansa inaphunzira kuponda mabulekiwo: msilikali akafika pa selo la khansa, selolo limamuonetsa chizindikiro chonena kuti ndine wanu, iye n'kutsitsa mkondo n'kudutsa. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan ndi amene anaunikira mabuleki awiri, CTLA-4 ndi PD-1, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwala atsopanowa sapha khansa okha, amangophimba chizindikiro chabodzacho kuti asilikali agwire ntchito yawo.

Pa khansa ya chiwindi umboni waukulu unabwera mu 2020, pamene atezolizumab wophatikiza ndi bevacizumab, woperekedwa padiripi masabata atatu alionse, anapambana sorafenib pa kafukufuku wa anthu 501: atawatsatira kwa nthawi yotalikirapo, theka la olandira diripiyi linadutsa miyezi 19.2, pamene theka la omwa sorafenib linadutsa miyezi 13.4. Mu 2022 kunavomerezedwa durvalumab wophatikiza ndi mlingo umodzi wa tremelimumab, ndipo mu 2025 nivolumab ndi ipilimumab. Pa awiri a 2022 aja nambala imene imandigwira mtima si ya miyezi imene theka la odwala linadutsa, imene inangokwera kuchoka pa miyezi 13.8 kufika 16.4. Ndi yakuti patatha zaka zisanu, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu anali adakali moyo, pamene kwa omwa sorafenib anali mmodzi mwa khumi. Pa matenda amene kale ankawerengedwa m'miyezi, kumva zaka zisanu si nkhani yaing'ono. Koma tembenuzani nambala yomweyo: anayi mwa asanu anali atapita, ngakhale analandira chithandizo cha m'zipatala zapamwamba. Ndipo mpaka pano madokotala alibe njira yodalirika yodziwira pasadakhale kuti amene apindule kwambiri ndi uti.

Pali zinanso zimene uthenga wa pa WhatsApp sunena. Asilikali akamasulidwa mabuleki nthawi zina amatembenukira thupi lomwelo, kutupitsa matumbo, mapapo, chithokomiro, ngakhale chiwindi chimene tikufuna kuchipulumutsacho, ndipo pamafunika chipatala chotha kuzindikira msanga. Bevacizumab amatha kuphulitsa mitsempha yotupa ya pammero, imene anthu a chiwindi chouma amakhala nayo, choncho asanayambe amafunika kuunikidwa ndi kamera yolowetsa kukhosi. Kwa anthu a kunyanja ngati ku Mtakataka ndi Golomoti izi n'zofunika kuzikumbukira, popeza likodzo la m'matumbo nalo limatupitsa mitsempha yomweyo. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti amene analowa m'kafukufuku ameneyu anali anthu amene chiwindi chawo chinkagwirabe ntchito bwino ndipo ankayenda okha, ambiri a ku Asia, ku Ulaya ndi ku America. Munthu amene maso achita kale chikasu, mimba yadzaza madzi, akuchita kumunyamula popita kuseri, mankhwalawa sanaonetse kuti amamuthandiza, ndipo atha kumufupikitsira masiku. Mlamu wanga anafika kuchipatala ali pamenepo. Ngakhale banja likanagulitsa ng'ombe zonse ndi munda womwe, dokotala woona mtima wa ku India akanamubweza. Za mtengo sindichita kunena zambiri: diripi imodzi yokha imaposa zimene mlimi wa mtedza amapeza chaka chathunthu, ndipo imabwerezedwa kwa miyezi.

Odwala khansa ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli likulu la chithandizo cha khansa, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ambiri a khansa ya chiwindi amene amafika kumeneko chimene chimatsala ndi chisamaliro chochepetsa ululu, ndipo ndimadana ndi mmene timachinenera, kuti "abwezedwa, akuti kulibe chochita". Chochita chimakhalapo. Morphine wamadzi amaperekedwa m'zipatala za boma ndipo amalola munthu kugona ndi kucheza ndi ana ake. Madzi a m'mimba amapopedwa kuti apume bwino. Malo ngati Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima anakhazikitsidwira ntchito imeneyi. Chimene ndingachenjeze agadiyani ndi mabotolo a zitsamba ogulitsidwa m'misika ndi pa Facebook olembedwa kuti amatsuka chiwindi. Chilichonse cholowa m'kamwa chimakathera kuchiwindi, ndipo chiwindi chodwala sichitha kupirira zimene chabwino chikanapirira.

Kwa ine, chatsopano chimene chingasinthe zinthu pakati pa Chimbiya ndi Tsangano chili kumayambiriro kwa matendawa. Dziko la Taiwan linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 1984, ndipo patangotha zaka khumi ndi zingapo khansa ya chiwindi mwa ana inaoneka kuti yatsika. Malawi anaika katemerayu mu jakisoni wa kusikelo mu 2002, woperekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Ndiye kuti obadwa chisanafike chaka chimenecho, amene pano ndi makolo, alimi, aphunzitsi ndi akabaza, sanabayidwe ali ana. Bungwe la WHO limalimbikitsanso mlingo wina m'maola 24 mwana atangobadwa, kuti atetezeke ku kachilombo kochokera kwa mayi, koma lipoti lake la 2024 linati mu Africa ndi makanda 18 okha mwa 100 amene ankaulandira.

Amene ali nako kale kachilomboka ali ndi mankhwala, ndipo dzina lake si lachilendo kwa ife. Ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku, yemweyo amene ali mu ma ARV amene anthu mazanamazana amalandira pa Dedza boma, ku Mua ndi ku Ntcheu. Sachotsa kachilomboko, koma amakagoneka, chiwindi n'kupuma, ngozi ya khansa n'kutsika ngakhale sitheratu. Izi zabweretsa chinthu chodabwitsa m'mayiko ambiri a kuno: munthu amene ali ndi HIV ndi hepatitis B yomwe wakhala wotetezeka kuposa mnzake amene ali ndi hepatitis B yokha, chifukwa woyambayo mankhwala amawapeza kale pawindo la ma ARV. Mu 2024 WHO inafewetsa malamulo a amene ayenera kuyamba mankhwalawa, kuti dokotala athe kugamula pogwiritsa ntchito zoyeza magazi zosavuta, osadikira makina odula. Chenjezo lake ndi limodzi: ukayamba susiya wekha, chifukwa kachilombo kakadzuka mwadzidzidzi kamatha kuwononga chiwindi koopsa. Hepatitis C yokha masiku ano imachizika ndi mapiritsi a masabata 12.

Ndiye pali sikani. Amene ali ndi chiwindi cha zipsera, ndi ambiri mwa amene ali ndi hepatitis B, amalangizidwa kujambulidwa miyezi 6 iliyonse, nthawi zina pamodzi ndi kuyeza magazi kotchedwa AFP. Miyezi 6 inasankhidwa potengera liwiro limene chotupa chimakulira, kuti chipezeke chikadali cha singano kapena cha mpeni. Njira zonse zochiziratu zimene ndatchula zija zimadalira makina wamba amenewa ndi munthu wodziwa kuwerenga chithunzi chake. Popanda zimenezi, ngakhale atatibweretsera makina a ku Michigan mawa, adzasowa wodwala woyenera.

Za chuku ndi nkhani ya pakhomo. Tonse tinaonapo mtedza ukuwazidwa madzi madzulo kuti makoko afewe posenda, kapena kuti ulemere pasikelo ya vendala. Tinaonanso wabwino ukupita kumsika, wofota ndi wakuda uja n'kutsala wa nsinjiro ndi chiponde cha ana. Kukazinga ndi kuphika sikupha poizoni ameneyu. Alangizi amaphunzitsa kuumitsa mtedza pamilu yotchedwa Mandela cock, imene imalola mphepo kudutsa pakati, ndipo bungwe lofufuza za ulimi la IITA linapanga Aflasafe, nkhungu yopanda poizoni yomwazidwa m'munda kuti ilande malo a yoipayo. Koma kutaya mtedza wovunda m'chaka cha njala n'kovuta kuuza munthu, ndipo sindinamizira kuti n'kophweka.

Titachoka kumanda, ndinakhala pansi ndi mng'ono wa malemu kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuuza kuti popeza anabadwa mimba imodzi, iye, azichemwali ake ndi mayi awo akayezetse hepatitis B, ndi kadontho ka magazi pachala basi, ngati mmene timayezera malungo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Alamu, ine sindikumva kupweteka paliponse." Ndinamuyankha kuti nawonso achimwene ake chaka chatha nthawi ngati ino sankamva kanthu, ankakolola mtedza.

Anapita patatha masabata atatu, atagulitsa soya. Iye ndi mchemwali wake mmodzi anapezeka nako. Sabata yatha anandionetsa buku lake la kuchipatala: anamujambula, chiwindi chilibe chotupa, ndipo pansi pa tsamba adokotala analemba tsiku loti adzabwerenso mu January. Anandipempha kuti ndidzamukumbutse, chifukwa nthawi imeneyo kumunda kumakhala kupalira.